Kukonda Munthu Amene Sadzakuthokoza

Kwa miyezi 8 ndinkapita katatu pa sabata kukasamalira abambo ena achikulire a mumpingo mwathu amene anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko. Akazi awo anali atamwalira kalekale ndipo ana awo ankakhala kutali, choncho akulu a mpingo atapempha kuti papezeke amuna oti azisinthana kukawathandiza, ine ndinali mmodzi mwa oyamba kupereka dzina. Ntchito yake inali yodziwika: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwasintha zovala ndi zofunda, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi, kuwamwetsa mankhwala pa nthawi yake, kenako kukhala nawo mpaka wina atabwera kudzandilandira. Ndinayamba ntchitoyi ndi mtima wonse, ndipo wina akanandifunsa masiku amenewo, ndikanayankha mosakayika kuti ndinkachita zonsezi chifukwa cha chikondi cha Khristu basi.

Abambowa sanandithokozepo ngakhale tsiku limodzi. Madzi ankati ndi ozizira, manja anga ankati ndi okhakhala, ndikalawira ankati ndawasokoneza tulo, ndikachedwa pang'ono ankati ndawataya. Ndinkapirira, ndikumadziuza kuti ndi matenda amene akuwalankhulitsa choncho. Koma tsiku lina abusa anabwera ndi mlendo amene anali asanapondepo pakhomopo. Mlendoyo anawerenga salimo, anapemphera, ndipo sanakhalitse n'komwe. Pamene ankatsanzika, abambo aja anamugwira ndi dzanja lawo lamoyo lija, misozi ikulengeza m'maso, n'kunena kuti, “Bambo, ndinu nokha amene mwandikumbukira.” Ine ndinali nditaima pakhomo la chipinda, beseni la madzi amene ndinali nditangowasambitsira lili m'manja.

Usiku umenewo sindinagone tulo. Mtima unkandiwawa ngati wa munthu amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kenako n'kuona malipiro ake akupatsidwa kwa wina, ndipo fanizo limeneli litangobwera m'maganizo mwanga ndinazindikira kuti landiulula. Munthu sadandaula kuti wamanidwa malipiro ngati sankayembekezera malipiro. Ndinkaganiza kuti ndikupereka, chonsecho ndinkakongoza. Tsiku lililonse limene ndinkapita kumeneko ndinkalilemba m'kaundula wobisika wa mumtima, ndikumadikira kuti ngongoleyo idzabwezedwa, kaya ndi mawu oti zikomo, kaya ndi kutchulidwa dzina pamaso pa mpingo, kaya ndi kungodziwika kuti uje ndi munthu wachifundo. Ndalama sindinkazifuna, ndipo n'chifukwa chake zinanditengera nthawi yaitali kuti ndione dyera langa, pakuti dyera limene silifuna ndalama limabisala kwambiri kuposa lina lililonse.

Tinakula tikumva kuti kupatsa n'kuika, ndiponso kuti mnzako akapsa ndevu umuzimire chifukwa mawa adzazima zako. Mawu amenewa ndi anzeru ndipo sindikuwapeputsa, popeza anthu sangakhalire limodzi popanda kuthandizana kobwezerana kotere. Koma Yesu anaitana ophunzira ake kuti apitirire pamenepo. Mu Luka 6:32-35 akufunsa kuti, ngati tikonda okhawo amene amatikonda, ngati tichitira zabwino okhawo amene amatichitira zabwino, ngati tikongoza okhawo amene tikudziwa kuti adzabweza, tachita chiyani chachilendo, popeza ngakhale ochimwa amachita zomwezo? Kenako akulamula kuti tichite zabwino osayembekezera kulandira kanthu, ndipo chifukwa chimene akupereka n'chakuti Wam'mwambamwamba amachitira chifundo anthu osayamika ndi oipa. Ndinali nditawerenga ndimeyi kambirimbiri, koma mawu oti “osayamika” ndinali ndisanawaonepo bwino kufikira usiku umenewo. Mu Luka 14 akubwereza mfundo yomweyo ali pa phwando la Mfarisi wina wamkulu, pamene akuuza mwini nyumba kuti asamaitane abwenzi, abale ndi anansi olemera amene adzamuitanenso, koma aziitana osauka, olumala ndi osaona, ndipo adzakhala wodala chifukwa chakuti iwowo alibe chomubwezera.

Malo amene anandigwira kwambiri ndi Yohane 13, ndipo ndakhala ndikubwererako mpaka lero. Usiku womaliza asanapachikidwe, Yesu anadzuka pa chakudya, anavula malaya ake akunja, anamanga nsalu yopukutira m'chiuno, anathira madzi m'beseni n'kuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Imeneyi inali ntchito ya kapolo, ndipo mwa amuna onse amene anali m'chipindamo palibe amene anadzipereka kuigwira. Luka akutiuza kuti usiku womwewo iwo ankakangana za amene anali wamkulu pakati pawo. Nkhaniyi timaikonda ndipo timailalikira, koma kawirikawiri timaiwala kufunsa kuti anali mapazi a yani. Anali mapazi a Petro, amene tambala asanalire anakana katatu kuti sakumudziwa. Anali mapazi a ena onse aja amene Marko akunena kuti anamusiya n'kuthawa atangogwidwa. Analinso mapazi a Yudasi Isikarioti, pakuti Yudasi anatuluka m'chipindamo kusambitsa kuja kutatha, ndipo Yohane akunena momveka kuti Yesu ankadziwa kale amene adzamupereke. Anagwada pamaso pa munthu amene anali atapangana kale mtengo wa moyo wake, anatenga phazi lake m'manja, analitsuka fumbi n'kulipukuta, podziwa kumene phazilo linali kupita usiku womwewo. Ndipo mu nkhani yonseyo simupezeka wophunzira ngakhale mmodzi amene ananena kuti zikomo.

Chimene chimandidabwitsa ndi mmene Yohane akuyambira nkhaniyi. Asananene za beseni ndi nsalu, akuyamba wanena zimene Yesu ankadziwa: kuti Atate anapereka zonse m'manja mwake, kuti anachokera kwa Mulungu, ndi kuti akubwerera kwa Mulungu. Ndikukhulupirira kuti chinsinsi chagona pamenepo. Yesu anatha kugwada chifukwa sankafunika kuti anthu amene ankawasambitsawo amuuze kuti iye ndi ndani. Ine ndinkafuna kuti abambo odwala aja anditsimikizire kuti ndine Mkhristu wabwino, ndipo potero ndinawasenzetsa katundu amene munthu wogona pabedi sakanatha kumusenza. Munthu amene sanakhazikike m'chikondi cha Mulungu amatumikira ali ndi njala, ndipo wanjala amadya ngakhale zimene anati akupereka. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake lamulo latsopano la m'mutu womwewo silingonena kuti tikondane, koma kuti tikondane monga iye anatikondera. Chikondi chake chimayamba ndicho, chathu chimangotsatira.

Sindikunena kuti kumva kuwawa munthu akapanda kukuyamika ndi tchimo. Mu Luka 17 Yesu anachiritsa akhate 10, ndipo amene anabwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, Msamariya. Yesu anaona zimenezo ndipo anafunsa kuti ena 9 aja ali kuti. Kusayamikako anakuzindikira, koma sanalande machiritso awo, ndipo sanaleke ulendo wake wa ku Yerusalemu. Vuto langa silinali lakuti ndinamva kuwawa, koma lakuti kuwawako kunali pafupi kundiletsa kubwerera.

Mawu amene Chipangano Chatsopano chimatchulira otsatira a Yesu amatanthauza wophunzira, ndipo wophunzira wa nthawi imeneyo sankangomvera maphunziro n'kubwerera kwawo, koma ankayenda ndi mphunzitsi wake, kuona mmene akukhalira ndi anthu, mpaka khalidwe la mphunzitsiyo litamulowerera. Ambirife timafuna kuphunzira za Yesu koma osaphunzira Yesuyo. Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, anayenda naye nthawi yonse ija koma anapemphabe mipando ya kudzanja lamanja ndi lamanzere mu ulemerero wake, ndipo yankho limene analandira mu Marko 10 linali lakuti Mwana wa munthu sanabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira ndi kupereka moyo wake kukhala dipo la anthu ambiri. Pa mawu a kudzikana ndi kusenza mtanda, Luka 9:23 amawonjezera kuti tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndaona kuti mbali imeneyi ndiyo yovuta kwambiri. Kuchita chinthu chachikulu kamodzi anthu akuona n'kopepuka poyerekeza ndi kubwerera Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka ku chipinda chomwecho, ku fungo lomwelo ndi ku madandaulo omwewo.

Mpingo woyambirira unadziwika ndi kubwerera kotereku. Mliri waukulu utagwa mu ufumu wa Roma cha m'ma 250, Dionysius, bishopu wa ku Alexandria, analemba kuti anthu ambiri ankathawa abale awo akangoyamba kudwala, ena n'kuwataya m'misewu asanatsirizike, pamene Akhristu ambiri ankasamalira odwala, kusambitsa ndi kuika maliro a akufa, ndipo ambiri mwa iwo anatenga matendawo n'kufa nawo. Patapita zaka zoposa 100, mu 362, mfumu Julian, imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo cha milungu yakale, inalembera mkulu wa ansembe wa ku Galatiya kudandaula kuti Agalileya, dzina limene inkatchulira Akhristu, akudyetsa osauka awo ndiponso osauka a chipembedzo chake chomwe. Umboni umenewu ndi wamphamvu chifukwa ukuchokera kwa mdani, ndipo ukusonyeza kuti Akhristuwo sankayamba afunsa ngati wosaukayo ndi mnzawo kapena ngati adzalowa mpingo.

Ndimaganiziranso kawirikawiri za Damien, wansembe wa ku Belgium amene mu 1873 anapita ku chilumba cha Molokai ku Hawaii, kumene boma linkatumiza anthu odwala khate kuti akakhale kwaokha. Timamukumbukira chifukwa chakuti nayenso anatenga khate n'kumwalira mu 1889 ali ndi zaka 49, koma zaka 16 zimene anakhala kumeneko zinali za ntchito zobwerezabwereza: kumanga zilonda, kumanga nyumba, kukhoma mabokosi a maliro ndi kukumba manda ndi manja ake. Atamwalira, mtsogoleri wina wachipembedzo ku Honolulu analemba kalata yomunyoza kuti anali munthu wauve ndi waliuma. Ngakhale amene anapereka thupi lake lenileni sanayamikidwe ndi onse, ndipo sindikudziwa chifukwa chimene ine ndinkaganizira kuti miyezi yanga yowerengeka iyenera kuomberedwa m'manja.

Paulo akuchenjeza mu 1 Akorinto 13:3 kuti munthu akhoza kugawira osauka chuma chake chonse koma osapindula kanthu ngati alibe chikondi. Kale ndinkadabwa kuti munthu angapereke bwanji zonse popanda chikondi, koma tsopano ndikudziwa kuti n'zotheka, chifukwa munthu akhoza kupereka pogula mbiri, pofuna kutonthoza chikumbumtima, kapena pofuna kuti wolandirayo akhale pansi pake mpaka kalekale. Yesu anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo mawuwa akulemera kwambiri masiku ano pamene chithunzi cha munthu wothandizidwa chimafika pa Facebook iye asanatsegule n'komwe chimene wapatsidwa. Ndikudziwa kuti mabungwe ena amafunika kuonetsa ntchito yawo kwa amene amawathandiza, ndipo sindikuwaweruza. Koma ifeyo patokha tiyenera kudzifunsa ngati tikanapitabe kukanakhala kuti palibe foni, palibe mboni, ndipo wothandizidwayo adzaiwala nkhope yathu mawa.

Pali chinthu china chimene sindikufuna kuti chimveke molakwika, chifukwa ndaona anthu okhulupirika akudziwononga m'dzina la chikondi. Fanizo la Msamariya wachifundo mu Luka 10 linandithandiza pamenepa. Msewu wochokera ku Yerusalemu kupita ku Yeriko ndi wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka ndi wodutsa m'chipululu, ndipo Msamariyayo anaika moyo wake pa chiswe poima pamalo pamene achifwamba anali atangochita zachiwawa. Anathira mafuta ndi vinyo pa mabala, anakweza wovulalayo pa chiweto chake, anapita naye ku nyumba ya alendo n'kumusamalira. Koma kutacha anapereka madinari awiri, amene anali malipiro a masiku awiri a munthu waganyu, anasiya wodwalayo m'manja mwa mwini nyumba, analonjeza kudzalipira zotsala pobwerera, n'kupitiriza ulendo wake. Sanayese kukhala zonse kwa munthuyo. Atumwi nawonso, amasiye ena atayamba kuiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku mu Machitidwe 6, sanadzipanikize okha koma anasankhitsa amuna 7 kuti asenze ntchitoyo, ndipo Yesu mwini anauza ophunzira ake mu Marko 6:31 kuti apite kwaokha akapumule. Chikondi chosadzikonda sichilamula munthu kukhalabe pamene akumenyedwa kapena kuzunzidwa, ndipo sichiletsa kunena kuti lero ndatopa, wina andilandire. Chimene chimaletsa ndi kusandutsa mnzathu wovutika kukhala wangongole wathu. N'zochititsa chidwi kuti mu fanizo lonselo wovulala uja salankhula ngakhale liwu limodzi, ndipo sitiuzidwa ngati anadzathokoza, kapena ngati anasangalala atamva kuti amene anamupulumutsa anali wa mtundu umene Ayuda sankayenderana nawo.

Patapita masiku ndikusinkhasinkha, ndinayamba kuona nkhaniyi kuchokera kumbali ya abambo aja, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinali ndisanachitepo zimenezo. Iwo anali munthu amene anadzigwirira ntchito moyo wawo wonse, analera ana, analangiza anthu, ndipo tsopano ankavulidwa ndi kusambitsidwa ndi munthu wa msinkhu wa mwana wawo. Mlendo uja anawapeza atasamba, atavala, atafunda bwino, ndipo pamaso pake anali akadali bambo wolemekezeka. Ine ndinkaona zimene iwo sankafuna kuti munthu aliyense aone. Kundithokoza kukanakhala kuvomereza tsiku lililonse kuti afika pamenepo, ndipo mwina madandaulo a madzi ozizira anali ulamuliro wokhawo umene unawatsalira m'nyumba mwawo momwe. Petro naye anakana kuti Ambuye asamusambitse mapazi, ndipo ndikumumvetsa, chifukwa kutumikiridwa kumafuna kudzichepetsa kumene nthawi zina kumaposa kwa wotumikirayo. Ine ndinali wotanganidwa ndi kuwerenga zimene ndinkapereka moti sindinaone zimene iwo ankataya tsiku lililonse pondilola kulowa m'chipinda chawo.

Ndinabwerera pa tsiku langa lotsatira. Nditangolowa anati, “Mwachedwa,” ndipo ndinayankha kuti, “Pepani bambo,” n'kupita kukatenthetsa madzi. Kuyambira pamenepo ndinasintha zinthu zing'onozing'ono. Ndinayamba kupempha chilolezo ndisanawagwire, kuwafunditsa mbali imene sindikusambitsa, kuwapatsa nsalu kuti adzipukute okha kumaso ndi dzanja lamoyo lija ngakhale zinkatenga nthawi, ndi kuwafunsa maganizo awo pa nkhani zimene ankazidziwa kuposa ine. Ndinasiyanso kufotokozera anzanga za mmene ntchitoyo inalili yovuta, chifukwa ndinazindikira kuti kufotokozako inali njira ina yotolera malipiro amene abambowo sankandipatsa. Tsiku lina nditadwala ndinaimbira mnzanga wina kuti apite m'malo mwanga, chinthu chimene kale sindikanachita poopa kuti angagawane nane ulemu.

Abambo aja anamwalira patapita miyezi itatu, ndipo mpaka tsiku lomaliza sananene kuti zikomo. Ana awo atabwera anathokoza mpingo wonse osatchula dzina la munthu, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti pamene ankalankhula ndinamva kaundula uja akutsegukanso mumtima mwanga, ndikudikira ngati dzina langa limveke. Ndinapemphera chamumtima pomwepo kuti Ambuye amutseke, ndipo ndikudziwa kuti ndidzafunika kupempheranso pemphero lomwelo kambirimbiri. Masabata awiri apitawa akulu a mpingo analengeza za m'bale wina amene watuluka m'chipatala koma sangathe kudzisamalira, ndipo amene amamudziwa akuti ndi munthu wovuta kumusangalatsa. Andipatsa Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo mawa m'mawa ndiyamba.